Tsankho la ku America Likalowa M'kalasi

M'chaka cha 2001, anyamata anayi a zaka 23 ankayendayenda mumzinda wa Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin ku America, kufunsira ntchito wamba monga yoperekera zakudya m'malesitilanti, yonyamula katundu ndi yogulitsa m'sitolo. Awiri anali azungu, awiri anali akuda. Anasankhidwa mosamala kuti azifanana msinkhu, kavalidwe ndi kalankhulidwe, ndipo makalata awo ankasonyeza maphunziro ofanana ndi ntchito zofanana zimene anagwirapo. Kusiyana kunali kumodzi kokha: pa awiri aliwonse, mmodzi ankalemba pa fomu kuti anakhalapo kundende miyezi 18 pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo, ndipo sabata ikatha ankasinthana. Motero anafika kwa olemba ntchito 350. Amene anakonza zonsezi anali mayi Devah Pager, omwe pa nthawiyo ankachita maphunziro awo apamwamba pa yunivesite ya Wisconsin, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2003. Mzungu wopanda mlandu ankaitanidwa maulendo 34 pa 100 aliwonse. Mzungu wonena kuti anatuluka kundende ankaitanidwa maulendo 17. Wakuda wopanda mlandu uliwonse ankaitanidwa maulendo 14 okha, ndipo wakuda wa mlandu ankaitanidwa maulendo 5. Kunena mwachidule, mzungu amene anali atangovula yunifolomu ya akaidi anali ndi mwayi wofanana, mwinanso woposa pang'ono, ndi wakuda amene sanalakwirepo boma.

Kafukufukuyu amawerengedwa m'makalasi ambiri a m'mayunivesite a ku America momwe amaphunzitsa za mitundu ya anthu ndi mmene mitunduyo imakhalirana. Phunziroli limapezeka kwambiri m'madipatimenti a sociology, kutanthauza maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu, komanso m'madipatimenti a mbiri yakale, a malamulo, ndi ena amene anakhazikitsidwa kuti aziona za anthu akuda, za eni nthaka oyambirira a dzikolo, za ochokera ku Latin America ndi za ochokera ku Asia. Masiku ano phunziroli lili pakati pa mkangano waukulu wa ndale. Ena akuti limagawanitsa mtundu, ena akuti ndi lokhalo limene likunena zoona. Ine ndikuona kuti phunziroli likuyenera kukhala pa yunivesite, koma chifukwa chake si chimene otsutsa amaopa, ndiponso si chimene ena mwa olikonda amanyadira. Phindu lake ndi lakuti limatenga nkhani imene anthu amakangana ndi mtima wokha, n'kuisandutsa funso loti munthu angathe kuliyeza, kuliwerengera ndi kulitsutsa ndi umboni. Likasiya kuchita zimenezo, otsutsa amakhala kuti akunena zoona.

Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 331 miliyoni ku America. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 58 ndi azungu osachokera ku Latin America, 19 ndi a ku Latin America kapena mbadwa zawo, 12 ndi akuda, ndipo 6 ndi a ku Asia. Chinthu choyamba chimene wophunzira amauzidwa ndi chakuti magulu amenewa sanagwe kumwamba ali ogawidwa kale. Mu 1972, katswiri wa za chibadwa Richard Lewontin anasonyeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a kusiyana kwa chibadwa cha anthu amapezeka mkati mwa gulu limodzi lomwelo, ndipo kusiyana kwa pakati pa magulu akuluakulu amene timawazindikira ndi khungu n'kochepa. Malire a pakati pa mzungu ndi wakuda, kapena pakati pa nzika ndi mlendo, anajambulidwa ndi anthu, kawirikawiri m'nyumba ya malamulo ndi m'khoti. Mu 1662 aphungu a ku Virginia analamula kuti mwana azitsata mayi ake pa nkhani ya ukapolo, kotero kuti mwini akapolo akabereka mwana mwa mdzakazi wake, mwanayo ankakhala chuma chake. Mu 1790 lamulo loyamba la unzika linati mlendo wololedwa kukhala nzika ndi mzungu yekha amene ali mfulu. Mu 1924 Virginia yomweyo inakhazikitsa lamulo lakuti munthu akakhala ndi kholo lakuda ngakhale limodzi, ngakhale la kalekale, sangawerengedwe ngati mzungu. Kalembera wa 1930 anaika anthu a ku Mexico ngati mtundu wapadera, wa 1940 n'kuchotsanso.

Milandu iwiri imene inaweruzidwa motsatizana imaonetsa bwino mmene malirewa ankajambulidwira. A Takao Ozawa anabadwira ku Japan, anakhala ku America zaka zoposa 20, anaphunzira pa yunivesite ya California, ndipo kunyumba kwawo ankalankhula Chingerezi. Atapempha unzika, Khoti Lalikulu linawakana mu Novembala 1922, ponena kuti mzungu wotchulidwa m'lamulo ndi munthu wa gulu limene asayansi a nthawiyo ankalitcha Caucasian, ndipo Mjapani sali m'gululo ngakhale khungu lake litayera bwanji. Patangopita miyezi itatu, kunabwera a Bhagat Singh Thind, Msikh wa ku Punjab ku India, amene anali msilikali wa America pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mabuku a asayansi omwewo ankaika anthu a kumpoto kwa India m'gulu la Caucasian, choncho mlandu wawo unkaoneka wosavuta. Koma mu Febuluwale 1923 khotilo linawakananso, ndipo woweruza yemwe uja, George Sutherland, analemba kuti mawu a asayansi si amene ayenera kutsatidwa, koma mmene munthu wamba amamvera akamanena za mzungu. Amwenye ena amene anali atalandira kale unzika anawalanda. Wophunzira amene wawerenga zigamulo ziwirizi moyandikana safunikanso kulalikidwa. Amadzionera yekha kuti khoti linatenga sayansi pamene inkathandiza kutseka chitseko, n'kuitaya pamene inkafuna kuchitsegula.

Njira yofufuzira nkhaniyi ndi ziwerengero inayamba ndi munthu wakuda, a W. E. B. Du Bois, amene mu 1895 anakhala wakuda woyamba kulandira digiri ya PhD pa yunivesite ya Harvard. Mu 1896, katswiri wa ziwerengero wa kampani ya inshulansi, Frederick Hoffman, anatulutsa buku lonena kuti anthu akuda ankafa msanga chifukwa cha chibadwa chawo chofooka, ndiponso kuti mtunduwo udzatha wokha. Chaka chomwecho yunivesite ya Pennsylvania inalemba a Du Bois ntchito yofufuza dera la anthu akuda mumzinda wa Philadelphia. Iwo anasamukira m'dera lomwelo pamodzi ndi akazi awo, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, mabanja pafupifupi 2,500, kufunsa zaka za aliyense, kumene anabadwira, ntchito yake, malipiro ake, lendi ya nyumba, zipinda zimene banja likugonamo, ndi matenda amene alowa m'nyumbamo. Buku lawo, The Philadelphia Negro, linatuluka mu 1899. Linasonyeza kuti imfa zinkachuluka kumene nyumba zinali zothinana ndi zachinyontho, kuti akuda ankalipira lendi yokwera pa nyumba zoipa, ndiponso kuti amisiri odziwa ntchito yawo ankakanidwa m'mafakitale n'kukakhala antchito a m'nyumba. Sanabise zofooka za anthu a m'deralo, analembanso za umbanda ndi za mabanja osweka. Koma anaonetsa kuti zimene a Hoffman ankati ndi magazi zinali zotsatira za malo ogona ndi ntchito. Yunivesiteyo sinawapatse udindo wa uphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri mabuku a sociology ankatchula ena ngati oyambitsa njirayi.

Amene ankatchuka kwambiri anali a Robert Park a pa yunivesite ya Chicago. Iwo ankaphunzitsa kuti mitundu ikakumana imadutsa masitepe odziwika: kukumana, kulimbirana, kulolerana, kenako kusakanikirana mpaka kusiyana kutha. Maganizowa ankaoneka oona pa anthu a ku Ireland, a ku Italy, a ku Poland ndi Ayuda, amene poyamba ankanyozedwa koma zidzukulu zawo zinalowa m'gulu la azungu popanda wofunsa. Vuto linali lakuti akuda anali ku America kuyambira 1619, kale kwambiri anthu ambiri a ku Italy asanafike, koma sitepe lomaliza lija silinkafika. Eni nthaka nawonso sanabwere kudzasakanikirana ndi wina aliyense: anathamangitsidwa m'malo awo ndi lamulo la 1830, ndipo ana awo ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko monga ya Carlisle, imene inatsegulidwa mu 1879, kumene ankawameta tsitsi ndi kuwaletsa chilankhulo chawo. Matchaina anatsekeredwa kunja ndi lamulo la 1882, ndipo mu 1942 anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika zobadwira momwemo, anatsekeredwa m'misasa. Chiphunzitso cha a Park chinagwa chifukwa umboni unachikana, ndipo izi n'zimene zimayenera kuchitika m'phunziro lenileni. Madipatimenti apadera oona za mitunduyi anabwera pambuyo pake, kudzera mu sitalaka ya ophunzira a pa San Francisco State College, imene inayamba mu Novembala 1968 n'kutha mu Malichi 1969. Chiyambi chimenechi ndi chimene chimapangitsa ena kunena mpaka lero kuti phunziroli ndi ndale zovala gauni.

Tisanafike kwa otsutsa, tione nkhani ya nyumba, chifukwa ndi imene imafotokoza bwino mmene lamulo lakufa limapitirizira kulamula amoyo. Pakati pa 1910 ndi 1970 akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kumwera, kuthawa malamulo a tsankho ndi kuphedwa ndi magulu achiwawa, n'kupita kumizinda monga Chicago, Detroit, New York ndi Los Angeles. M'zaka za m'ma 1930, bungwe la boma lotchedwa Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda yoposa 200, n'kupaka madera mitundu inayi. Obiriwira anali abwino kwambiri kuperekako ngongole ya nyumba, abuluu anali abwinobe, achikasu anali oti akutsika, ndipo ofiira anali oopsa. Pa mapu aliwonse panali mafomu ofotokoza dera lililonse, okhala ndi malo olembapo kuchuluka kwa akuda ndi kwa alendo, ndipo pafupifupi dera lililonse la akuda linapakidwa kufiira. Bungwe lina la boma, Federal Housing Administration, limene linakhazikitsidwa mu 1934 kuti liziikira kumbuyo ngongole za nyumba, linkapewa madera a akuda ndi osakanikirana. Nkhondo yachiwiri itatha, midzi yatsopano monga Levittown kufupi ndi New York inamangidwa ndi thandizo limeneli, nyumba zake n'kumagulitsidwa pafupifupi madola 8,000, koma kwa azungu okha. Akatswiri amatsutsanabe ngati mapu aja ndi amene anawononga maderawo, kapena anangojambula tsankho limene linalipo kale, pomwe chowononga chenicheni chinali kaperekedwe ka ngongole. Mkangano woterewu umamveka m'kalasi yabwino.

Tsankho pa nkhani ya nyumba linaletsedwa mu 1968, koma mlandu suola. Kwa banja wamba la ku America, nyumba ndiyo nkhokwe yaikulu ya chuma: imakwera mtengo, imakhala chikole cha ngongole ya sukulu kapena ya bizinesi, ndipo makolo akamwalira imatsalira ana. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu wolima munda wa makolo ake ndi wolima munda wobwereka. Onse angakolole mofanana chaka chino, koma mmodzi yekha ndi amene ali ndi chosiyira ana. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo wa 2022 anapeza kuti banja lapakatikati la azungu linali ndi chuma cha madola pafupifupi 285,000, la a ku Latin America pafupifupi 62,000, ndipo la akuda pafupifupi 45,000. Mabanja a azungu pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse amakhala m'nyumba zawozawo, pomwe a akuda safika theka. Ndiponso popeza masukulu ambiri a boma amadalira kwambiri msonkho wa nyumba za m'deralo, mtengo wa nyumba umalowa mpaka m'kalasi ya mwana wa pulayimale. Pano sipafunikanso munthu wa mtima woipa kuti kusiyanako kupitirire.

Kutsutsa koyamba, kumene ndimakulemekeza kwambiri, n'kwakuti vuto lenileni ndi umphawi, khungu ndi nkhani yakale. Mfundoyi inachokera mkati mwa phunziro lomweli. A William Julius Wilson, katswiri wakuda amene pa nthawiyo anali pa yunivesite ya Chicago, analemba mu 1978 kuti tsogolo la munthu wakuda linali litayamba kudalira kwambiri chuma ndi maphunziro a banja lake kuposa khungu, ndipo pambuyo pake anasonyeza mmene kutsekedwa kwa mafakitale kunasiyira madera a akuda opanda ntchito. Anzawo ambiri anawakwiyira, koma ananena zambiri zoona. Mwana wa dokotala wakuda ali ndi mwayi woposa wa mwana wa mzungu wosauka wa kumapiri a West Virginia, ndipo phunziro limene laiwala mzungu wosaukayo ndi loperewera. Komabe funsoli lingayezedwe. Mu 2018 gulu la a Raj Chetty linatsata ana pafupifupi 20 miliyoni pogwiritsa ntchito zolemba za msonkho ndi za kalembera. Linapeza kuti anyamata akuda oleredwa m'mabanja a ndalama zofanana ndi za anzawo achizungu, ngakhale m'dera lomwelo, akakula amalandira ndalama zochepa, ndipo obadwira m'mabanja olemera amagwera pansi kawirikawiri kuposa azungu. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa atsikana akuda ndi achizungu a mabanja ofanana, kusiyana kwa malipiro awo kunali kochepa kwambiri. Zotsatira zimenezi sizisangalatsa mbali iliyonse mokwanira. Zimakana amene amati khungu lilibenso ntchito, zimakana amene amati vuto ndi chibadwa, popeza mlongo ndi mchimwene amachokera m'mimba imodzi, ndipo zimakakamiza amene amangoti tsankho kuti afotokoze chifukwa chimene limapwetekera mnyamata mosiyana ndi mtsikana.

Kutsutsa kwachiwiri kumaloza kwa alendo. A Thomas Sowell, katswiri wakuda wa zachuma, akhala akunena kwa zaka zambiri kuti akuda ochokera kuzilumba za Caribbean ankachita bwino kuposa mbadwa za akapolo a ku America, ngakhale khungu ndi limodzi, choncho chikhalidwe cha banja ndi khama ziyenera kukhala ndi mbali yaikulu. Masiku ano anthu amatchulanso Amwenye, Matchaina ndi a ku Nigeria. Kuti chikhalidwe chili ndi mbali, n'zosakanika. Koma mlendo wofika pa bwalo la ndege la New York sakhala munthu wamba wa kwawo. Lamulo la 1965 limene linatsegulanso zipata linakondera anthu a luso ndi abale a amene ali kale m'dzikomo, ndipo munthu wokwanitsa kupeza visa, tikiti ndi fizi kawirikawiri amakhala wa m'gulu la ophunzira kwambiri m'dziko lake. Kuyerekeza madokotala ndi mainjiniya osankhidwa a ku India ndi anthu onse akuda a ku Mississippi n'kuyerekeza zinthu zosafanana. Ndiponso dzina lokha lingatseke khomo luso lisanaoneke. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 2004, a Marianne Bertrand ndi a Sendhil Mullainathan anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku Boston ndi ku Chicago, ena okhala ndi mayina odziwika ngati a azungu monga Emily ndi Greg, ena a akuda monga Lakisha ndi Jamal. Mayina achizungu anaitanidwa kochuluka ndi theka. Pepala silikhala ndi ulesi kapena mwano. Chimene chinasiyana chinali maganizo a wowerenga.

Nkhani ya alendo imatikhudza ife mwachindunji, chifukwa pafupifupi munthu mmodzi mwa akuda khumi aliwonse a ku America lero anabadwira kunja, ndipo ochokera ku Africa akuchulukirachulukira. Mchewa, Myao kapena Mtumbuka akatsika ndege, wapolisi wa pamsewu ndi mwini nyumba ya lendi safunsa za mfumu yake kapena mfunda wake. Amaona munthu wakuda, n'kumusenzetsa mbiri ya zaka 400 imene sanaiphunzire. Ena mwa alendowa amayesa kudzipatula kwa akuda a komweko, nthawi zina n'kutengera mawu onyoza amene anawapeza, osadziwa kuti zitseko zimene akulowera zinatsegulidwa ndi anthu amene anamenyedwa m'mizinda ya Selma ndi Birmingham pomenyera ufulu wa akuda. Ubalewu ndi wakale. A John Chilembwe anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira pa sukulu ya zaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, Virginia, pa nthawi imene malamulo a tsankho ankakhwima kumwera, ndipo mpingo wa Baptist wa anthu akuda ndi umene unawathandiza kuyambitsa mishoni ya Providence ku Chiradzulu atabwerako mu 1900. A Kamuzu Banda anaphunzira pa Wilberforce ku Ohio ndipo udokotala anautengera pa Meharry ku Nashville mu 1937, masukulu amene analipo chifukwa ambiri a azungu sankalandira akuda.

Kutsutsa kwachitatu ndi kumene kwafika m'nyumba za malamulo: kuti phunziroli limaphunzitsa ana achizungu kudziona olakwa, ana akuda kudziona ogonja, ndipo onse kudana ndi dziko lawo. Mu 2010 chigawo cha Arizona chinakhazikitsa lamulo limene linathetsa maphunziro a mbiri ya anthu ochokera ku Mexico m'masukulu a ku Tucson, ndipo mu 2017 woweruza anagamula kuti lamulolo linachokera m'tsankho. Ku Florida, lamulo la 2022 linaika malire pa zimene zingaphunzitsidwe zokhudza mitundu, ndipo mu Januwale 2024 akuluakulu oyang'anira mayunivesite a boma anachotsa sociology pa mndandanda wa maphunziro oyambira. California inalowera kwina: kuyambira ndi lamulo la 2020, ophunzira a m'mayunivesite a California State amayenera kutenga phunziro limodzi la za mitundu asanamalize digiri. Dandauloli silopanda maziko. Ilipo kalasi imene yankho limadziwika funso lisanafunsidwe, imene wophunzira wokayika amakhala chete poopa kutchedwa watsankho, ndipo kalasi yotero ndi msonkhano wa chipani. Koma mankhwala ake si kutseka chitseko. Zinthu zambiri zimene zachititsa manyazi olimbikitsa nkhaniyi zinatulukira mwa ofufuza omwewo. A Frank Dobbin ndi a Alexandra Kalev anasonyeza kuti maphunziro okakamiza othana ndi tsankho m'makampani kawirikawiri sawonjezera chiwerengero cha mabwana akuda, nthawi zina amachichepetsa. A Roland Fryer, katswiri wakuda wa pa Harvard, anapeza mu 2016 kuti apolisi ankakankha, kumanga unyolo ndi kugwira mwankhanza akuda kuposa azungu, koma m'zolemba za mumzinda wa Houston sanapeze kusiyana pa kuwombera. Anzawo anatsutsa njira yawo, ponena kuti zolembazo zinkawerenga okhawo amene apolisi anawaimitsa kale, ndipo kutsutsanako kunachitika ndi ziwerengero.

Phunziro loona limalembanso zimene zasintha, ndipo zasinthadi. Pamene Khoti Lalikulu linathetsa malamulo oletsa ukwati wa mitundu yosiyana pa mlandu wa Loving mu 1967, maukwati atsopano atatu okha pa 100 anali otero. Pofika 2015 anali 17. Bungwe la Gallup linapeza mu 1958 kuti anthu anayi okha pa 100 ankavomereza ukwati wa mzungu ndi wakuda, koma mu 2021 anali 94. Mphunzitsi amene amabisa zimenezi amanamiza ophunzira ake mofanana ndi amene amabisa mapu ofiira aja. Limalembanso zowawa zimene sizilowa m'nthano ya mzungu wopondereza ndi ena onse oponderezedwa. Pa zipolowe za ku Los Angeles mu 1992, zimene zinabuka apolisi amene anamenya munthu wakuda, a Rodney King, atapezeka osalakwa, anthu oposa 50 anafa, ndipo masitolo oposa 2,000 a anthu ochokera ku Korea anawotchedwa kapena kuberedwa, ambiri mwa iwo ali m'madera a akuda ndi a ku Latin America. Aliyense anali ndi dandaulo lake loona: akuda ankakumbukira mtsikana wawo amene anawomberedwa ndi mwini sitolo wa ku Korea chaka chapitacho, Akoreya ankafunsa chifukwa chimene apolisi anawasiyira okha. Wophunzira amene adzakhale nesi, mphunzitsi, wapolisi kapena woweruza adzakumana ndi nkhani zoluka chotere, ndipo sizimasulidwa ndi mawu olembedwa pa chikwangwani.

Yunivesite yomwe imaphunzitsa nkhaniyi ili mkati mwa nkhaniyo. Mu Juni 2023 Khoti Lalikulu linagamula pa mlandu wa Harvard ndi wa yunivesite ya North Carolina kuti mayunivesite asamaganizirenso mtundu wa munthu posankha ophunzira, mchitidwe umene unkaloledwa, m'malire ake, kuyambira chigamulo cha 1978. Odandaula ankanena kuti njirayo inkapondereza ana ochokera ku Asia, amene ankafunika kukhoza kwambiri kuti apeze malo omwewo. Umboni wa m'khotimo unavumbulanso chinthu china: gawo lalikulu la azungu olandiridwa pa Harvard linali la osewera masewera, ana a amene anaphunzirapo kale, ana a aphunzitsi ndi a opereka ndalama, mwayi umene chigamulocho sichinaukhudze. Chaka chotsatira, pa yunivesite ya MIT chiwerengero cha ophunzira atsopano akuda chinatsika kuchoka pa 13 kufika pa 5 mwa 100 aliwonse, pomwe pa Yale ndi pa Princeton sichinasinthe kwenikweni. Chifukwa chiyani sukulu zinasiyana chotere pansi pa lamulo limodzi? Kodi amene sanalowe MIT anapita kuti, ndipo pakatha zaka khumi adzakhala akulandira zingati? Kodi madera amene madokotala akuda ankakonda kubwererako kukagwira ntchito adzasowa madokotala? Ochirikiza chigamulocho ndi ochitsutsa onse akufuna mayankho a mafunso amenewa, ndipo amene angawapeze ndi anthu ophunzitsidwa kutsata ana zikwizikwi m'zolemba za msonkho, kutumiza makalata a mayina osiyana, ndi kugogoda khomo ndi khomo. Zigawo zimene zikuchepetsa maphunzirowa zikuchepetsanso anthu oterowo m'mayunivesite awo.